Phunziro 9: Ndiwo Zolowa M'malo mwa Nyama

SABATA MASANA

WERENGANI MLUNGU UNO: Gen. 1:29, 9:1-4, Num. 11:4-34, Dan. 1:8-16, Aroma 14:1-21, 1 Akor. 6:19, 20.

VESI LOLOWEZA PAMTIMA: 1 Akorinto 10:31.

MFUNDO YAIKULU: Chakudya cholowa m'malo mwa nyama tichiyese ndi ntchito imene chigwira m'thupi, osati ndi kufanana kwake ndi nyama. Ndipo chimene chiri m'mbale yathu chisakhale muyeso woweruzira nawo abale athu.

PA MSONKHANO WA MISASA, kapena pamene tidyera pamodzi titaweruka mapemphero, si kawirikawiri kusowapo mphika wa nyama ya soya. Wina amati akalawa anena kuti palibe kusiyana ndi nyama ya ng'ombe. Wina apukusa mutu nati kumeneko n'kudzinyenga. Mayi wa ana aang'ono sanena kanthu, koma mumtima ali ndi funso lolemera koposa: "Ndikasiya kugula nyama ndi kumaphikira ana anga zimenezi, kodi adzakula bwino?"

Funso la mayiyu ndi loyenera, ndipo sitingaliyankhe ndi changu chokha. Mlungu uno tiona zimene Baibulo liphunzitsa za chakudya cha munthu, kumene ndiwo zolowa m'malo mwa nyama zinachokera, pamene zipambana nyama, ndi pamene ziperewera.

SANDE

CHAKUDYA CHA PACHIYAMBI (Gen. 1:29; 3:18; 9:1-4).

Kodi Mlengi anapatsa Adamu ndi Hava chakudya chotani? Nanga anawonjezapo chiyani uchimo utalowa? Gen. 1:29, 3:18.

M'munda wa Edene munalibe imfa, chotero munalibenso kupha. Chakudya cha munthu chinali mbewu za m'munda ndi zipatso za m'mitengo. Atachimwa, munthu anapatsidwanso masamba a kuthengo. Iye amene anaumba thupi ndi dothi anadziwa zimene thupilo lisowa, ndipo anaziika m'zomera.

Ndi liti pamene Mulungu analola munthu kudya nyama, ndipo anaika malire otani? Gen. 7:2, 9:3, 4, Lev. 3:17, 11:1-12.

Chilolezo cha kudya nyama chinadza chitatha chigumula, pamene madzi anali atawononga zomera pa dziko. Nowa anadziwa kale kusiyanitsa nyama zodyedwa ndi zosadyedwa, pakuti zodyedwazo zinalowa m'chingalawa zochuluka koposa zinzake. Mwazi unaletsedwa pomwepo, ndipo kwa Aisrayeli mafuta a nyama analetsedwanso. Tiona tsono kuti Mulungu analola nyama, koma anaizinga ndi mpanda.

Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzigwira pamodzi. Choyamba, nyama sinali m'chikonzero cha pachiyambi, ndipo mneneri Yesaya aonetsa dziko latsopano m'mene simudzakhala kupweteka kapena kuwononga (Yes. 11:6-9, 65:25). Chachiwiri, Baibulo silinena kuti kudya nyama yodyedwa ndi tchimo. Ansembe anadya nyama ya nsembe. Paskha anali ndi mwanawankhosa. Ndipo Yesu atauka kwa akufa anadya nsomba yootcha pamaso pa ophunzira ake (Luka 24:41-43). Tikaiwala choyambacho, tidzaleka kufuna chakudya choposa. Tikaiwala chachiwiri, tidzasenzetsa anthu katundu amene Mulungu sanawasenzetse.

Onaninso kuti Genesis 1:29 satchula chinthu cholowa m'malo mwa nyama. Mbewu ndi zipatso ndizo zinayamba. Nyama inadza pambuyo. Tikanena zoona, nyama ndiyo inalowa m'malo mwa chakudya cha pachiyambi.

Lingalirani: Pa zakudya zimene banja lanu ladya mlungu wathawu, ndi ziti zimene zikanapezeka m'munda wa Edene monga ziliri?

LOLEMBA

NKHULI YA M'CHIPULULU (Num. 11:4-9, 18-20, 31-34).

Kodi Aisrayeli analirira chiyani, ndipo kulira kwao kunavumbula zotani za mitima yao? Num. 11:4-6.

Anthuwa sanali ndi njala. Mana anagwa m'mawa uliwonse, ndipo anali kuwapera pamphero, kuwasinja mumtondo, kuwaphika m'miphika ndi kupanga timikate (vesi 8). Chimene chinawagwira ndi nkhuli. Anakumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Aigupto, naiwala chikwapu cha akapitao. Mulungu anawapatsa zinziri, koma ambiri anafa, ndipo malowo anatchedwa Kibroti-hatava, ndiko kunena manda a chilakolako.

Nkhani iyi itiphunzitsa kuti chizolowezi cha lilime chiri ndi mphamvu. Munthu amene wadya nyama moyo wake wonse saileka tsiku limodzi popanda kuilakalaka. Apainiya a mpingo wathu anakumana ndi vuto lomweli. M'chaka cha 1863, ku Otsego, Michigan, Ellen G. White analandira masomphenya a za umoyo wabwino, ndipo mu 1866 mpingo unatsegula nyumba yochiritsira odwala ku Battle Creek. Dokotala John Harvey Kellogg, amene anayamba kuyang'anira nyumbayo mu 1876, anafuna chakudya chopatsa odwala amene anazolowera nyama. Mu 1896 anatulutsa Nuttose, wopangidwa ndi mtedza, ndipo patapita zaka zowerengeka anatulutsanso Protose, wa mtedza ndi puloteni ya tirigu. Ku Australia a Adventist anayamba kampani ya zakudya ya Sanitarium mu 1898.

Nzeruyi sinayambe ndi ife. Ku China anthu akhala akupanga tofu ndi soya kwa zaka zoposa 1,000, ndipo Abuda osadya nyama anali kutsuka ufa wa tirigu kuti atsale ndi puloteni yonyumbwika yoiphika ngati nyama. Nyama ya soya youma imene tigula m'magolosale inatulukira ku America m'zaka za m'ma 1960. Aipanga chotere: amayenga mafuta m'soya, natenga ufa wotsalawo, nauphika ndi moto waukulu m'makina oupanikiza; potuluka pa kabowo ufawo umafufuma, ndipo amaudula ndi kuuyanika.

Cholinga cha apainiya chinali chachifundo. Anafuna mlatho woolotsera munthu wa nkhuli kuchoka ku chizolowezi chakale kupita ku chakudya cha mbewu, nyemba, masamba ndi zipatso. Koma mlatho ndi wooloka. Munthu samangapo nyumba.

Kodi pali "Aigupto" amene lilime lanu likumbukirabe? Mungathandize bwanji wobatizidwa kumene amene nkhuli yamgwira, popanda kumnyoza?

LACHIWIRI

TIYESENI MASIKU KHUMI (Dan. 1:8-16).

Danieli atatsimikiza mtima kusadzidetsa, kodi anapempha chiyani kwa woyang'anira wao? Dan. 1:11-13.

Chakudya cha mfumu ya ku Babulo chikanatha kukhala ndi nyama zosadyedwa, nyama yosakhetsedwa mwazi, kapena yoperekedwa kwa mafano. Danieli sanachite makani. Anapempha kuti iye ndi anzake atatu ayesedwe masiku khumi ndi zomera ndi madzi, ndi kuti pamapeto pake woyang'anirayo aweruze ndi maso ake. Chikhulupiriro chake sichinaope kuyesedwa. Ifenso tiike nyama ndi zolowa m'malo mwake pa sikelo.

Zomanga thupi. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 asowa magalamu pafupifupi 50 a puloteni pa tsiku. Nyama ya ng'ombe yophika yopanda mafuta iri ndi magalamu pafupifupi 26 pa magalamu 100 alionse. Nyama ya soya youma iri ndi pafupifupi 50. Koma ikanyikidwa imamwa madzi nifufuma kawiri kapena katatu, kotero kuti m'mbale imachepa puloteni poyerekeza ndi nyama yolemera chimodzimodzi. Puloteni imamangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino asidi, ndipo 9 mwa timeneti thupi silingathe kudzipangira. Soya ali nato tonse pa mlingo wokwanira. Pa mbali iyi mayi uja asade nkhawa, malinga apakule mosaumira.

Mafuta. Nyama iri ndi kolesitero ndi mafuta oundana, amene akachuluka amathandiza kutseka mitsempha ya magazi. Zomera ziribe kolesitero, ndipo nyama ya soya youma iri ndi mafuta ochepa kwambiri.

Gaga. Nyama iribe konse zija zonga gaga zimene zimathandiza chakudya kuyenda bwino m'matumbo. Soya ndi nyemba zonse ziri nazo.

Matenda. Mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inalengeza kuti nyama zokonzedwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala, monga masoseji ndi poloni, zimayambitsa khansa ya m'matumbo aakulu, ndi kuti nyama yofiira iyenera kuti imayambitsanso. Sukulu ya ukachenjede ya Loma Linda inayamba mu 2002 kutsata a Adventist pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada. Lipoti la mu 2013 linaonetsa kuti pa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, imfa pakati pa osadya nyama zinachepa ndi 12 pa 100 poyerekeza ndi odya nyama.

Koma tinene moona. Ambiri mwa osadya nyamawo anali kumwa mkaka ndi kudya mazira, ndipo ena anali kudya nsomba. Ndiponso kafukufukuyo anayesa kadyedwe konse ka munthu, osati nyama ya m'paketi.

Kodi chitsanzo cha Danieli chitiphunzitsa chiyani za mmene tingafotokozere kadyedwe kathu kwa achibale osapembedza nafe?

LACHITATU

PAMENE ZIPEREWERA (1 Akor. 6:19, 20, Miy. 14:15, 3 Yoh. 2).

N'chifukwa ninji Mkhristu sayenera kukhulupirira mawu alionse osawayesa, ngakhale pa nkhani ya chakudya? Miy. 14:15, 1 Akor. 6:19, 20.

Thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, logulidwa ndi mtengo wake wapatali. Wosunga kachisi angathe kumuwononga ndi kudya kosadziletsa, angathenso kumuwononga ndi kumumana zofunika. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chingaoneke ngati nyama, chinunkhire ngati nyama, koma chisachite zonse zimene nyama ichita. Pali malo atatu oyenera kusamala.

Vitamini B12. Vitamini ameneyu amapangidwa ndi mabakiteriya, ndipo ife timampeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Soya, nyemba, mtedza ndi masamba sizitipatsa B12 wodalirika, pokhapokha opanga atamthiramo ndi kulemba pa paketi. Munthu wamkulu asowa pang'ono zedi, mamaikulogalamu 2.4 pa tsiku, ndipo chiwindi chimasunga wokwana zaka zingapo. Ngozi yake iri pomwepo: munthu amamva bwino nthawi yaitali, kenaka adzayamba kutopa, kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndi kuiwalaiwala. Minyewa ikawonongeka kwa nthawi yaitali siibwerera mwakale nthawi zonse. Khanda loyamwa kwa mayi wosowa B12 liri pa ngozi yoposa. Chotero amene wasiya nyama asasiyenso mazira ndi mkaka, pokhapokha ali ndi mapiritsi a B12 kapena zakudya zothiridwa vitaminiyu.

Ayironi. Mchere wa m'thupi umenewu ndi wopangira magazi. Soya ndi nyemba ziri nawo, koma thupi limautenga movutikira koposa wa mu nyama. Chothandiza chiri pafupi: vitamini C wa mu matimati, mandimu, malalanje, magwafa ndi malambe amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zomera akadyedwa nthawi imodzi. Tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Amayi oyembekezera alandire ndi kumwa mapiritsi a ayironi a ku sikelo.

Mchere ndi mafuta obisika. Nyama yosakonzedwa iri ndi mchere wochepa. Koma zolowa m'malo mwake zambiri, makamaka zokometseredwa kale ndi zonga masoseji, ziri ndi mchere woposa pamenepo kangapo. World Health Organization ilangiza kuti munthu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiwo pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Zina zamakono amazithira mafuta a kokonati kuti zikome ngati nyama yonona, ndipo mafuta ake oundana amayandikira a nyama yeniyeni. Ndiponso ife tomwe tikamiza nyama ya soya m'mafuta ophikira, tabweza chimene tinathawa.

Tengani paketi ya ndiwo zotere imene iri m'nyumba mwanu ndi kuwerenga zolembedwapo. Kodi muli B12? Nanga mchere ndi wochuluka motani?

LACHINAYI

GOME LA ABALE (Aroma 14:1-4, 13-21).

Kodi Paulo alangiza chiyani wakudya ndi wosadya? Aroma 14:3, 4, 17.

Paulo sanali kufafaniza malamulo a pa Levitiko 11, kapena kuphunzitsa za zakudya zopatsa thanzi. Mkangano wa masiku ake unali wa chikumbumtima, monga tionanso pa nkhani ya nyama yoperekedwa kwa mafano (1 Akor. 8). Koma mfundo yake itikhudza. Wakudya asapeputse wosadya, ndipo wosadya asaweruze wakudya, pakuti onse awiri ali ndi Mbuye mmodzi amene anawalandira.

Mpingo wathu uphunzitsa kupewa nyama zosadyedwa, ndipo ulimbikitsa kadyedwe kopanda nyama kumene kuli kotheka. Koma kudya nyama yodyedwa si chifukwa chochotsera munthu mu mpingo, ndipo Ellen White yemwe analangiza kuti nkhaniyi isasanduke muyeso wa chiyanjano. Analangizanso kuti posiya nyama, malo ake adzazidwe ndi mbewu, mtedza, masamba ndi zipatso zokonzedwa mokoma, ndi kuti anthu osauka kapena okhala kumene zakudya zotere zisowa asakakamizidwe kusintha mwadzidzidzi. Mbale wa kunyanja amene ana ake apeza B12 mu usipa sitingamuuze kuti autaye tisanamuonetse chimene adzaika m'malo mwake.

Kodi Yesaya 55:2 afunsa funso lotani, ndipo lingatiphunzitse chiyani za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zathu?

Mneneriyu anena poyamba za njala ya moyo wauzimu, imene Mulungu yekha aithetsa. Komabe funso lake lifikanso pa thumba lathu. Nyama ya soya youma ndi yotsika mtengo koposa nyama, sisowa firiji, ndipo ipsa msanga ndi nkhuni zochepa. N'chifukwa chake yathandiza mabanja ambiri ndi sukulu zogonera komweko. Koma zina zochokera kunja ndi zodula koposa nyama yeniyeni, ndipo kuzigula sikuwonjezera chiyero cha munthu.

Chuma chachikulu chiri m'minda yathu. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zouma ziri ndi magalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono a puloteni pa magalamu 100. Mtedza uli ndi pafupifupi 25, soya pafupifupi 36. Chimanga chimaperewera amino asidi wotchedwa lysine, amene nyemba ziri naye wambiri. Chotero nsima ya mgaiwa ndi nyemba zimakwaniritsana. Phala la Likuni, la chimanga ndi soya, limangidwa pa nzeru yomweyi. Chipere, nkhwani wotendera ndi bonongwe wa nsinjiro sizinamizira kukhala nyama, koma zalera mibadwo. Tisamale zinthu ziwiri zokha: soya aphikidwe kapena kukazingidwa bwino, pakuti wosapsa amalepheretsa thupi kugaya puloteni, ndipo mtedza wachuku utayidwe, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.

Kodi m'kalasi mwanu munthu wodya nyama yodyedwa ndi wosadya angadyere pa mphasa imodzi mwamtendere? Ngati ayi, choyenera kusintha n'chiyani?

LACHISANU

KUPITIRIZA KUPHUNZIRA: Werengani 1 Akorinto 8 ndi 10:23-33, ndi kuona mmene Paulo alumikizira ufulu, chikondi ndi ulemerero wa Mulungu. Amene ali ndi buku la Ellen G. White lotchedwa The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, awerenge mutu wonena za nyama monga chakudya.

Vesi lathu loloweza liika kudya ndi kumwa pansi pa cholinga chimodzi, ndicho ulemerero wa Mulungu. Sitipulumutsidwa ndi soya, ndipo sititayika chifukwa cha chambo. Tipulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro (Aef. 2:8, 9). Koma amene aomboledwa afuna kupereka kwa Mombolo wao thupi lamphamvu ndi maganizo angwiro, kuti amtumikire masiku ambiri. Pa chifukwa chimenechi tisankha chakudya chathu ndi nzeru, ndi chiyamiko, ndi kudzichepetsa.

Kwa mayi uja wa pa Sabata masana tingayankhe chotere: inde, ana angakule bwino popanda nyama, ngati adya mokwanira nyemba zamitundumitundu, soya, mtedza, mgaiwa, masamba ndi zipatso, pamodzi ndi mazira, mkaka kapena gwero lina lodalirika la B12. Paketi ya nyama ya soya payokha siikwanira.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Ena amati ngati nyama si yabwino, sitiyenera kupanga zakudya zoifanizira. Ena amati zakudyazi zathandiza ambiri kusiya nyama. Kodi inu muona bwanji, poganizira Numeri 11 ndi Aroma 14?

2. Mlongo woyembekezera wamva ulaliki wa zaumoyo, ndipo wasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka tsiku limodzi. Kodi kalasi lanu lingamlangize motani kuti chikumbumtima chake chilemekezedwe ndi mwana wake atetezedwe?

3. Kodi a Dorika ndi a dipatimenti ya zaumoyo mu mpingo wanu angaphunzitse ndiwo ziti zopangidwa ndi mbewu za kwanu komweko, zimene banja losauka lingathe kupeza chaka chonse?

4. Tingasiyanitse bwanji kudziletsa kochokera m'chikondi cha kwa Khristu ndi kunyada kwauzimu kobisala m'mbale ya chakudya?

MWACHIDULE: Ndiwo zolowa m'malo mwa nyama zipatsa puloteni yokwanira, ziribe kolesitero, ndipo ziri ndi gaga amene nyama iribe. Ziperewera pa vitamini B12 ndi pa ayironi wolowa msanga m'thupi, ndipo zambiri ziri ndi mchere wochuluka. Zithandiza ngati mlatho, koma maziko a chakudya chathu akhale mbewu, nyemba, mtedza, masamba ndi zipatso zimene Mulungu anapereka pachiyambi. M'zonsezi tisamale kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo tisaweruze mbale amene Khristu anamfera.